Madzi a mu injini ya galimoto yakale: mafunso ndi mayankho

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya Kasungu, kaya ndi Corolla, Probox, Sienta, Hiace kapena Hilux yonyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, zinafika kuno zitayenda kale kunja. Injini zake zimapirira zaka zambiri, koma kuwira kamodzi kokha kukhoza kupinda hedi (chigawo chapamwamba cha injini), galimoto n'kukhala mwezi wathunthu pagalaja. Mafunso ali m'munsimu ndi amene eni galimoto ndi madalaivala amafunsa kawirikawiri, makamaka dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala ndi Novembala.

Kodi n'zoona kuti galimoto ikakalamba imayamba kumwa madzi?

Ayi. Injini yakale imatha kuwotchako oyilo pang'ono, koma madzi alibe kopita. Amazungulira m'njira yotsekedwa. Amachoka mu injini atatentha, amatsika mu rediyeta n'kuzizira, kenako amabwerera mu injini, wotapampu ikuwakankha. Akatentha amachuluka, ena n'kusefukira m'kathanki kapulasitiki kapambali, ndipo injini ikazizira amayamwidwa kubwerera mu rediyeta. Galimoto yabwinobwino imatha miyezi ingapo madzi a m'kathanki atangotsika pang'ono chabe.

Choncho ngati mukuthira lita imodzi sabata iliyonse, pali pamene madziwo akutulukira. Mwina akudontha pansi. Mwina akuuma pachitsulo chotentha musanawaone. Mwinanso akulowa m'masilinda n'kutuluka pamodzi ndi utsi. Kuthira kumakuthandizani kufika kumene mukupita lero, koma bowo limakula tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi iliyonse imene madzi atsika, pamwamba pa injini pamatsala mpweya. Pamalo pa mpweyapo chitsulo chimapsa geji isanasonyeze kanthu.

Ndiyang'ane liti, ndipo ndiyang'ane pati?

M'mawa musanalize injini, galimoto ili pamalo osapendekeka. Yambani ndi kathanki: madzi akhale pakati pa mzere wa LOW ndi mzere wa FULL. Ngati kada ndi dzimbiri moti mkati simukuoneka, kaunikeni kumbuyo ndi tochi ya foni.

Musathere pamenepo. Kathanki kakhoza kukhala kodzadza pamene rediyeta ili theka. Izi zimachitika chivindikiro cha rediyeta chikafooka kapena kapaipi kolumikiza ziwirizi kakang'ambika, chifukwa madzi amatuluka akatentha koma sabwereranso. Tsegulani chivindikiro injini ili yozizira, madzi aoneke m'khosi mwa rediyeta. Galimoto zina zilibe chivindikiro pa rediyeta, chili pakathanki pomwepo, ndipo kathanki kotero kamakhala ndi mphamvu ya nthunzi ngati rediyeta yeniyeni. Musakatsegule kakatentha.

Galimoto yapakhomo muziyang'ana kamodzi pa sabata, komanso musananyamuke ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Minibasi ndi galimoto ya matola, m'mawa uliwonse.

Kuno madzi saundana ndi chisanu. Nanga kulanti ndigulirenji?

Mawu akuti antifreeze olembedwa pabotolo asokoneza anthu ambiri. Kwathu kuno ntchito yaikulu ya kulanti (coolant), mankhwala osakaniza ndi madzi a mu injini, ndi kuletsa dzimbiri. Mu injini muli chitsulo, aluminiyamu, mphira ndi pulasitiki, zonse zikusambitsidwa ndi madzi otentha. Madzi okhaokha amadya zipsepse za wotapampu mpaka kutsala tizidutswa, amaboola mapaipi achitsulo kuyambira mkati, ndipo amakumba timaenje pa hedi pamene gasiketi (chomata pakati pa hedi ndi thunthu la injini) imagwira. Mukatsegula rediyeta n'kupeza madzi ofiira ngati a m'chithaphwi cha pamsewu wafumbi, chimene mukuonacho ndi injini yanu imene ikusungunuka.

Ntchito yachiwiri ndi kuchedwetsa kuwira. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi amawira asanafike madigiri 100, cha m'ma 96 kapena 97. Injini ikamagwira ntchito bwino imakhala cha m'ma 85 mpaka 95. Mpata ndi wochepa kwambiri. Kulanti wosakaniza theka ndi theka amakweza malire amenewa ndi madigiri pafupifupi 7, ndipo chivindikiro chabwino chimawakweza mpaka kupitirira 120. Kulanti amafewetsanso silu ya wotapampu kuti isaume.

Madzi a pamjigo ali ndi vuto lanji? Ndi oyera ndipo timamwa.

Yang'anani mkati mwa ketulo imene yakhala ikuwiritsa madzi a pamjigo kwa chaka. Zoyera zolimba zimene zakakamira pansi zija ndi mchere wa m'nthaka, ndipo mu injini zimakakamira chimodzimodzi. Timachubu ta rediyeta ndi topyapyala moti ndodo ya machesi imavuta kulowamo. Tikatsekeka tochepa simudziwa. Tikatsekeka tambiri, galimoto imayenda bwino m'tauni koma imawira ikakwera chitunda itanyamula.

Abwino koposa ndi madzi osungunula (distilled water) amene amagulitsa kuti muzithira m'batire. Onetsetsani kuti ndi madzi, osati asidi wa batire, poti mabotolo ake amafanana ndipo amaikidwa shelefu imodzi. Otsatira ndi madzi a mvula, otungidwa m'beseni loyera mvula itatsuka kale denga, n'kusefedwa ndi nsalu. M'dzinja sungani zigubu ziwiri kapena zitatu, zikwanira chaka chonse. Kuwiritsa madzi a pamjigo kumachotsako mchere wina, osati wonse.

Mukakhala panjira ndipo palibe china, thirani madzi alionse oyera amene mwapeza. Ngakhale a mumtsinje wa Bua, mutawasefa ndi nsalu, aposa kuyendetsa injini youma. Mukafika, akhetseni onse n'kuthira oyenera.

Kulanti wobiriwira, wofiira, wapinki: ndingasakanize?

Mtundu ndi utoto chabe, ndipo makampani sagwirizana pa tanthauzo lake. Chosiyana ndi mankhwala oletsa dzimbiri amene ali mkati. Kusakaniza mitundu yosiyana kumafupikitsa moyo wa mankhwalawo, ndipo nthawi zina kumapanga phala limene limatseka rediyeta ndi hita (chofunditsa m'kabini). Ngati simukudziwa chimene mwini wake woyamba anathira, ndipo papereweratu kapu imodzi kapena ziwiri, thirani madzi osungunula okha. Kenako pezani tsiku lokhetsa zonse n'kuthira mtundu umodzi.

Werengani botolo. Likalembedwa kuti concentrate, liyenera kusakanizidwa ndi madzi. Likalembedwa kuti premixed kapena ready to use, thirani mmene liliri, osaonjezera madzi. Kwa a Toyota, wofiira wotchedwa Long Life Coolant nthawi zambiri amabwera wosasakaniza, pamene wapinki wotchedwa Super Long Life Coolant amabwera wosakaniza kale. Pamsika pamapezekanso mabotolo otchipa amene sanalembe chimene chili mkati. Botolo losatchula ethylene glycol ndi kasakanizidwe kake lisiyeni.

Ndisakanize bwanji, ndipo mumalowa malita angati?

Theka kulanti, theka madzi. Galimoto yaing'ono ngati Corolla kapena Probox imalowa malita 5 mpaka 6, ndiye mukufunika malita 3 a concentrate ndi 3 a madzi. Hilux ndi Hiace za dizilo zimafika pafupifupi malita 10, zina kupitirira. Sakanizani m'chigubu choyera musanathire.

Musaganize kuti kulanti wosasakaniza ndiye wamphamvu. Sanyamula kutentha bwino ngati madzi, ndipo injini imatentha kwambiri mukathira yekhayekha. Musapitirire magawo 60 pa 100. Ndalama zikachepa, musatsike pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa pamenepo mphamvu yoletsa dzimbiri imakhala itachepa.

Kumbukirani kuti galimoto yodontha imene mukuithira madzi okha sabata ndi sabata, pakutha pa miyezi iwiri mwatsala utoto basi.

Pansi pakumanyowa. Ndipeza bwanji pamene pakudontha?

Madzulo mukaimika, yalani katoni youma pansi pa injini. M'mawa onani pamene pagwera dontho ndi mtundu wake. Kulanti amaterera pang'ono pachala ndipo ali ndi kafungo kotsekemera. Musalawe. Madzi oyera mbee odontha cha kumbali ya pasenjala mutayatsa AC si vuto, ndi mame ochokera m'makina oziziritsa.

Dontho limagwa pansi kutali ndi pamene lachokera, chifukwa limatsetsereka pazitsulo ndipo fani imalimwaza. Choncho tsatani njira yake kukwera m'mwamba mpaka pamalo onyowa apamwamba kwambiri. Kulanti akauma amasiya zoyera, zobiriwira kapena zapinki zokakamira ngati mchere, ndipo chizindikiro chimenechi chimaoneka ngakhale pamene pansi sipanyowa.

Yambani ndi thanki yapamwamba ya rediyeta. Pagalimoto zambiri zochokera ku Japan ndi yapulasitiki wakuda, ndipo akakalamba amasanduka wofiirira n'kuyamba kuthetheka. Mng'alu umayamba pafupi ndi khosi kapena pamene paipi yapamwamba imalowera, wochepa ngati tsitsi. Onaninso msoko pamene pulasitiki wakumana ndi aluminiyamu, ndi kabawuti kokhetsera madzi kamene kali pansi.

Kenako mapaipi. Afinyeni injini ili yozizira. Paipi yabwino imalimba koma imabwerera mukaisiya. Yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa pafupi ndi kilampu, kapena youma yolira ngati ikuthyoka mkati, yatha. Oyilo wodonthera pa paipi amaifewetsa msanga, ndiye konzaninso podontha oyilopo. Anthu ambiri amasintha mapaipi awiri akuluakulu n'kuiwala ang'onoang'ono: awiri olowa m'kabini kupita ku hita, ndi ena obisika kuseri ndi pansi pa manifodi. Amenewa ndi amene amaphulika panjira. Kilampu yomanga ndi sikuluu musaimangitse mpaka kudula mphira, ndipo waya sangalowe m'malo mwa kilampu.

Wotapampu ili ndi kabowo pansi pake kamene anakaika dala. Silu ikatha, madzi amatulukira pamenepo n'kusiya mzere wa zouma. Injini ili yozimitsa, gwirani pule yake n'kuigwedeza. Ikamasewera, kapena ikamalira mokhetheza injini ikamayenda, beringi yatha ndipo pampu yonse isinthidwe. Pa injini imene wotapampu imayendetsedwa ndi timing belt, sinthani ziwirizi tsiku limodzi, chifukwa ntchito yomasula ndi yomweyo.

M'mbali mwa buloko muli tizivindikiro tachitsulo tozungulira ngati ndalama, amakaniko amati ma core plug. Timaola kuyambira mkati, makamaka pa injini imene yakhala zaka ikuyenda ndi madzi okha. Kamodzi kakabooka, tinzake tili m'njira. Sinthani tonse timene dzanja lingafike.

Pomaliza lowani m'kabini. Kapeti wonyowa kumapazi a pasenjala, kafungo kotsekemera, ndi galasi lakutsogolo lochita nkhungu yamafuta mkati, zikutanthauza kuti hita yabooka.

Pena pamadontha pokhapokha injini ikatentha. Yendani makilomita ochepa, zimitsani, tsegulani boneti n'kudikira, poti mphamvu m'mapaipi imakwera kwa mphindi zingapo injini itazimitsidwa. Manja akhale kutali ndi fani yamagetsi, imatha kudzuka yokha. Mukalephera, funani galaja imene ili ndi pampu yoyezera rediyeta. Amaimanga pakhosi injini ili yozizira, amapopa mpaka nambala yolembedwa pachivindikiro, osapitirira, n'kudikira mphindi 10 kapena 15. Muvi ukatsika pali podontha, ndipo nthawi zambiri pamaonekera pomwepo.

Sipakudontha paliponse koma madzi akutha. N'chiyani?

Yambani ndi chivindikiro cha rediyeta, chifukwa ndi chotchipa ndipo anthu amachinyozera. Chili ndi sipuling'i, mphira ziwiri ndi kavalavu kakang'ono pakati. Sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga n'kuthawira m'kathanki, kathanki n'kusefukira pansi galimoto ili paliwiro, inu osaona. Kavalavu kakakakamira, m'mawa mumapeza paipi yapamwamba itaphwatalala. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Gulani cha nambala yomweyo. Cha nambala yokwera chimaphulitsa rediyeta yakale ndi hita. Nsanza kapena pepala la pulasitiki pakhosi pa rediyeta sizisunga mphamvu iliyonse.

Chivindikiro chikakhala chabwino ndipo kapeti ndi wouma, ganizirani za gasiketi.

Ndidziwa bwanji kuti gasiketi ya hedi yapsa?

Dzadzani rediyeta injini ili yozizira, siyani chivindikiro chotsegula, lizani. Thovu lochepa poyamba ndi mpweya wotsalira. Thovu losaleka, lochuluka mukaponda moto, kapena madzi otumphuka kutuluka pakhosi injini isanatenthe, ndi utsi wa m'silinda umene ukulowa m'madzi. Njira ina ndi iyi: tsekani chivindikiro, lizani, finyani paipi yapamwamba patapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikauma gwa injini isanafunde, nkhani ndi yomweyo.

Utsi woyera wochuluka, wosaleka ngakhale mutayenda mtunda, ndi chizindikiro china. Musausokoneze ndi nthunzi ya m'mawa wa mu Juni ndi Julaye, imene galimoto iliyonse imatulutsa kwa mphindi zochepa. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka padipusitiki akusonyeza kuti madzi alowa mu oyilo, ndipo galimoto yotero isayendenso, chifukwa maberingi akudyeka. Injini yonjenjemera kwa masekondi angapo m'mawa kenako n'kukhazikika, ndi pulagi imodzi yoyera ngati yatsopano pakati pa zinzake zakuda, zikuloza silinda imene madzi akulowamo usiku.

Zizindikirozi siziwoneka zonse pamodzi. Gasiketi imatha kupsa oyilo ali woyera bwino. Magalaja ena ali ndi mankhwala abuluu amene amawaika pakhosi pa rediyeta. Utsi ukakhala m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu pa injini ya petulo, obiriwira pa ya dizilo.

Pokonza, musalole kuti angosintha gasiketi n'kumanga. Hedi iyezedwe ngati yapindika, isikimidwe ngati pakufunika, ndipo aione ngati ili ndi mng'alu. Mabawuti amangidwe motsatira ndondomeko yake ndi torque wrench, osati mongoyerekeza ndi dzanja. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe. Chofunika koposa, apeze chimene chinawiritsa injini poyamba. Gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa cha vuto lina, ndipo vutolo likatsala, yatsopanoyo ipsanso.

Geji yakwera ndili pa M1. Ndichite chiyani?

Zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi fani yake yonse, mawindo otsegula. Hita ndi karediyeta kakang'ono, kamachotsako kutentha. Patukani pamalo oyamba abwino. Muvi ukafika pofiira, kapena mukaona nthunzi, zimitsani injini nthawi yomweyo. Mawu akuti "tingofika pa Chatoloma" apha injini zambiri, chifukwa kilomita imodzi yokha ndi yokwanira kupinda hedi ya aluminiyamu. Galimoto ngati Vitz, Passo ndi Sienta zambiri zilibe geji, zili ndi kagetsi kabuluu kosonyeza kuzizira ndi kofiira kosonyeza kutentha. Kofiira kakayaka, nthawi yatha kale, imani.

Dziwaninso izi. Hita ikayamba kuuzira mphepo yozizira pamene injini yatentha, madzi atsika kwambiri. Muvi ukakwera kenako n'kutsika wokha mwadzidzidzi, si kuti zakonzeka: madzi atha, ndipo sensa yatsala pamphepo. Kagetsi ka batire kakayaka pamodzi ndi kukwera kwa geji, fanibeluti yaduka, ndipo pa injini imene lamba ameneyu amayendetsa wotapampu simungayende ngakhale pang'ono.

Tsegulani boneti nthunzi ikaleka, dikirani mphindi 30 kapena kupitirira. Musathire madzi ozizira pamwamba pa injini, chitsulo chotentha chimang'aluka. Finyani paipi yapamwamba ndi nsanza. Ikadali yolimba, dikiranibe. Ikafewa, phimbani chivindikiro ndi nsanza yokhuthala, nkhope kutali, potozani pang'ono mpaka pamene chimaima koyamba, dikirani kulira kwa mpweya kuthe, kenako kanikizani n'kutsegula. Thirani pang'onopang'ono. Ngati injini ikadali yofunda, thirani ikulira osaponda moto, kuti madzi ozizira asakanikirane ndi otentha. Yang'anani pansi. Akamatuluka mmene mukuthiriramo, osayenda musanatseke pamenepo.

Paipi yaphulika kumudzi, kutali ndi shopu. Ndifika bwanji kuboma?

Ikang'ambika pafupi ndi kumapeto, dulani chong'ambikacho, kokani yotsalayo n'kumanganso kilampu, bola isapindike. Ikang'ambika pakati, iumitseni, ikulungeni ndi malegeni mokoka kwambiri, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, kuyambira patali ndi bowo mbali zonse ziwiri. Vuto likakhala pa hita kapena mapaipi ake, masulani mapaipi awiriwo kumbali ya kabini n'kuwalumikiza okhaokha, madzi azingozungulira osalowa m'kabini. Mwala ukaboola kachubu kamodzi ka rediyeta, kafinyeni ndi pulayazi mbali zonse ziwiri za bowo.

Mukatero, tsekani chivindikiro mpaka pamene chimaima koyamba, osamaliza. Mphamvu m'mapaipi imachepa ndipo chigamba chimapirira. Koma madzi adzawira msanga, choncho yendani pang'onopang'ono, tsitsani katundu ngati n'kotheka, ndipo muziima pafupipafupi kuti muone madzi. Oyenda njira za ku Chamama, Chulu kapena za kumaesiteti asamasowe m'buti chigubu cha malita 5, malegeni, makilampu awiri, sikuludiraiva, pulayazi ndi nsanza.

Ena amathira dzira, sopo, fodya kapena ufa wa tsabola. Zimagwira?

Zimatha kutseka kabowo kakang'ono kwa maola angapo, n'chifukwa chake nzeruyi siifa. Koma dzira silisankha bowo. Limatsekanso timachubu ta rediyeta, hita ndi themositati, ndipo galimoto imene inkangodontha imayamba kuwira. Sitikulimbikitsa. Mankhwala a m'botolo otsekera kudontha ndi abwinoko pakabowo kochepa ka rediyeta, botolo limodzi lokha, monga mwa malangizo ake. Sangatseke paipi yong'ambika, silu ya wotapampu kapena pulasitiki wothetheka. Ngati mwathira chilichonse mwa izi kuti mufike, uzani amakaniko kuti atsuke mkati monse pokonza.

Amakaniko akuti tichotse themositati chifukwa kuno n'kotentha. Ndivomere?

Musavomere. Themositati imatsekera madzi mu injini mpaka itafunda, kenako imatseguka. Pa injini zambiri za Toyota imayamba kutseguka cha pa madigiri 82, ndipo nambalayo inadindidwa pa iyo yomwe. Ikatseguka yonse siletsa kuzizira kulikonse. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa n'kumathira mafuta ambiri, masilinda amadyeka msanga, oyilo amada msanga. Pa injini zambiri themositati ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Popanda iyo, madzi ena amadutsa kachidule komweko osafika ku rediyeta, ndipo galimoto imatha kuwira pachitunda ilibe themositati.

Kuiyesa n'kosavuta. Iikeni m'poto wa madzi pamoto. Iyenera kutseguka madzi asanawire, n'kutsekekanso akazizira. Ikakanika, gulani ina ya nambala yomweyo pamodzi ndi mphira yake, ndipo pomanga kapini kake kogwedera kakhale pamwamba kuti mpweya uzidutsa. Ikakakamira muli panjira, kuichotsa kuti mufike kunyumba n'kololeka.

Fani yolumikiza dairekiti, kuti izingozungulira osazima, ndi nkhani yofanana. Imabisa fyuzi, rilei kapena sensa yakufa, ndipo mota wake umatha msanga.

Madzi ndi odzadza koma ikutenthabe.

Onani nthawi imene imatentha. Ikamatentha mutaima pamzere wa mafuta kapena pamsika, n'kuzizira mukalowa msewu waukulu, vuto ndi fani. Pagalimoto zambiri fani yamagetsi imadzuka mukayatsa AC, ndiye yesani choncho, kenako onani fyuzi, rilei ndi pulagi ya mawaya. Pa Hilux ndi Hiace zokhala ndi fani yoyendera lamba, zimitsani injini itatentha n'kuzunguza fani ndi dzanja. Ikazungulira momasuka maulendo angapo, kilachi yake yatha.

Ikamatentha paliwiro, pachitunda kapena itanyamula matumba a chimanga, mphepo kapena madzi sizikudutsa mokwanira. Mu Epulo ndi Meyi njere za udzu wa m'njira za kumunda zimadzadza pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC, pamalo osaoneka mukayang'ana kutsogolo. Tsukani ndi paipi ya madzi kuchokera kumbali ya injini, mopanda mphamvu yambiri kuti zipsepse zisapindike. Injini itatentha ndipo mwaizimitsa, yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyeta. Malo ozizira pakati pa otentha ndi timachubu totsekeka. Zonsezi zikakhala bwino, masulani wotapampu muone ngati zipsepse zake zikadalipo.

Ndisinthe liti madzi onse, ndipo mpweya ndiuchotsa bwanji?

Kulanti wobiriwira wamba asinthidwe pa zaka 2 zilizonse kapena makilomita pafupifupi 40,000. Wapinki wa Toyota amapita patali: makilomita 160,000 koyamba, kenako 80,000. Koma ziwerengerozi ndi za galimoto imene sinathiridwepo china. Madzi akada kapena akachita dzimbiri, sinthani lero.

Injini ili yozizira, ikani beseni pansi, tsegulani chivindikiro ndi kabawuti kokhetsera, kapena masulani paipi yapansi. Tsekani, dzadzani madzi oyera, lizani mpaka itafunda hita ili yotsegula, idikireni izizire, khetsaninso. Bwerezani mpaka otuluka ayere. Tsukani kathanki padera. Dziwani kuti dzimbiri lina limakhala litatseka timabowo, ndiye mukatsuka injini yakale pakhoza kuoneka podontha patsopano. Bowolo linalipo kale.

Pothira, imikani galimoto mutu uli kumtunda. Hita ikhale pa HOT. Thirani pang'onopang'ono mukufinya paipi yapamwamba, mpaka madzi afike m'khosi. Ngati injini ili ndi kabawuti kotulutsira mpweya, katseguleni mpaka patuluke madzi opanda thovu. Lizani chivindikiro chili chotsegula, osaponda moto. Themositati ikatseguka madzi amatsika mwadzidzidzi, onjezerani. Dikirani fani idzuke n'kuzima kawiri, ndipo hita iuzire mphepo yotentha. Tsekani, dzadzani kathanki mpaka pa FULL. Mawa lake m'mawa onaninso ponse pawiri, chifukwa mpweya wotsala umatuluka usiku. Hiace ili ndi mapaipi aatali, ina ilinso ndi hita yakumbuyo, choncho imafuna kuleza mtima koposa.

Rediyeta ndiwotcheretse kapena ndigule ina?

Yakale yamkuwa imawotchereka bwino, ndipo amisiri amatha kuimasula thanki n'kutsegula timachubu kamodzikamodzi. Yathanki yapulasitiki ikang'ambika, guluu amagwira masabata ochepa chabe, poti pulasitiki yense wapsa ndipo ang'ambika pena. Sinthani thankiyo kapena rediyeta yonse. Yakale ya pasikirapu iyezedwe ndi pampu musanalipire.

Pagalimoto zambiri za otomatiki, oyilo wa giyabokosi amadutsa m'kachubu kamene kali m'thanki yapansi ya rediyeta. Gulani rediyeta yokhala ndi timilomo tiwiri take. Kachubuko kakabooka, madzi amalowa mu giyabokosi, oyilo wake n'kusanduka wapinki wamkaka. Mukaona zimenezo musayendetse.

Kulanti ndi woopsa kwa ana ndi ziweto?

Kwambiri. Ethylene glycol amatsekemera, ndipo pang'ono pokha amawononga impso za mwana, galu kapena mphaka. Musamusunge m'botolo la chakumwa, mtundu wake umakopa ana. Wokhetsedwa musamusiye m'beseni pabwalo pamene nkhuku ndi agalu amamwa, ndipo musamutaye pafupi ndi chitsime, mjigo kapena dimba. Muthireni m'chigubu chotseka cholembedwa, wotayika pansi mumukwirire ndi mchenga n'kuwola mchengawo. Munthu akamwa, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo mutatenga botololo, ngakhale akuoneka bwino, chifukwa poyamba amangooneka ngati waledzera ndipo impso zimayamba kufa pambuyo pake. Musamusanzitse.

Wopsa ndi nthunzi kapena madzi a rediyeta, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena oyilo, ndipo matuza musawaboole. Bala la kumaso, la m'manja, kapena lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, lipite kuchipatala tsiku lomwelo.